Autocorrelation m'makampani 400: lipoti la chizindikiro chomwe chinasungunuka titachifufuza

Chiyambi cha nkhani

Amene anandiitana anali kagulu ka anthu oyendetsa ndalama za makasitomala pa misika ya masheya. Mmodzi mwa iwo, mnyamata amene anali asanathe chaka pa ntchito, analemba loop (malamulo obwereza ntchito imodzi kambirimbiri) mu pulogalamu ya masamu ya R, yoyesa makampani 400 nthawi imodzi, ndipo zimene zinatuluka zinam'sowetsa tulo mkulu wa kaguluko. Makampani oposa theka anaoneka kuti ali ndi autocorrelation, ndiko kunena kuti mmene mtengo wasinthira lero zikugwirizana ndi mmene unasinthira dzulo kapena dzana. Zikakhala zoona, ndiye kuti zadzulo zikukunong'onezako za mawa, ndipo pali podyera. Mkuluyo anali atayamba kale kukamba zopatula ndalama zoyesera njira yogula ndi kugulitsa potsata chizindikirocho. Ine anandipempha kuti ndingoona ngati masamu ake ali bwino asanapite nazo kwa akuluakulu awo. Anati ndi ntchito ya masiku awiri. Inanditengera masabata atatu.

Deta inali mitengo yotsekera tsiku lililonse kwa zaka pafupifupi 10, masiku amalonda pafupifupi 2,500 pa kampani iliyonse, ndipo makampaniwo anali a m'misika ingapo. Mnyamatayo anasandutsa mitengo kukhala ma return potenga logarithm ya mtengo wa lero kugawa ndi wa dzulo. Apa anachita bwino, ndipo ndinamuuza. Ndaonapo anthu akuyesa mitengo yeniyeniyo n'kudabwa kuti autocorrelation yafika pafupi ndi 1 pa kampani iliyonse, chonsecho palibe chachilendo, chifukwa mtengo wa lero umayambira pomwe wa dzulo unathera.

Muyeso umene anagwiritsa ntchito ndi wa Ljung-Box, womwe Greta Ljung ndi George Box anaufalitsa mu 1978 pokonza wa Box ndi David Pierce wa mu 1970. Umatenga autocorrelation ya lag iliyonse (lag yoyamba ndi lero poyerekeza ndi dzulo, yachiwiri ndi lero poyerekeza ndi dzana), kuyambira yoyamba mpaka pomwe mwasankha, kuichulukitsa ndi iyo yomwe, n'kuphatikiza zonse kukhala nambala imodzi yotchedwa Q, yomwe imayerekezedwa ndi malire ochokera m'tebulo la chi-square. Mukasankha ma lag 10, Q ikadutsa 18.31 ndiye kuti p-value, yomwe imaonetsa kuthekera koti mwayi wokha ubale Q yaikulu chonchi, yatsika pansi pa 0.05. Loop yake inali yaifupi ndi yaukhondo. Ndinaiyendetsa pa kompyuta yanga, manambala n'kutuluka chimodzimodzi, ndipo tsiku loyamba linathera pomwepo.

Pomwe ndinaphonya

Nditangomva kuti miyeso ilipo 400, maganizo anga anathamangira ku vuto lodziwika la kuyesa zinthu zambiri pakamodzi. Malire a 0.05 amatanthauza kuti ngakhale pasakhale autocorrelation m'pang'ono pomwe, muyeso umodzi pa miyeso 20 iliyonse udzakuwa kuti yapezeka. Pa makampani 400, pafupifupi 20 adzagwidwa popanda mlandu. Madzulo omwewo ndinalembera mkulu uja uthenga kuti vuto ndi limeneli ndipo njira ya Bonferroni, yogawa malirewo ndi chiwerengero cha miyeso, ithetsa nkhani. Ndikanakhala pansi mphindi imodzi yokha ndikanaona kuti 20 ndi 200 n'zotalikirana. M'mawa mwake ndinagawa 0.05 ndi 400, malire n'kukhala 0.000125, koma makampani ambirimbiri anatsalabe. Ena p-value yawo inali yaing'ono moti R inkangolemba kuti ndi yochepera 2.2e-16. Mwayi wokha subala manambala otero. Ndinabweza mawu anga, ndipo mkuluyo anatenga kubwezako ngati umboni woti chizindikiro chake n'cholimba, poti katswiri wachigwedeza koma sichinagwe. Phuma langalo linam'patsa mphamvu zomwe ndinalimbana nazo masabata awiri otsatira.

Ine ndi mnyamata uja tinaphonya pamodzimodzi: tinkayang'ana p-value yokha. Tebulo lake linali ndi dzina la kampani ndi p-value, basi. Koma Q siikuuzani ngati autocorrelation ili pamwamba pa ziro kapena pansi pake, popeza kuchulukitsa nambala ndi iyo yomwe kumafafaniza minus. Siikuuzaninso lag imene yabweretsa phokosolo.

Titasanja makampani

Tsiku lachitatu ndinawonjezera pa tebulolo autocorrelation ya ma lag asanu oyamba, chiwerengero cha masiku, ndi return yaikulu ndi yaing'ono kwambiri ya kampani iliyonse. Kenako ndinasanja makampani motsata lag yoyamba. Pa masiku 2,500, mwayi wokha umasewera pakati pa -0.04 ndi 0.04, malire omwe amachokera pa 1.96 kugawa ndi 50. Makampani anagawikana patatu: ochepa pansi penipeni, khamu lalikulu pafupi ndi ziro, ndi gulu lina ndithu pamwamba, kutali ndi malire aja.

A pansi aja anali pafupi ndi -0.5, ndipo nambala imeneyi ndikaiona ndimadziwa kuti m'deta muli tsiku lovunda. Kadontho ka desimali kakasuntha tsiku limodzi, mtengo umaoneka kuti wakwera ka 10, mawa lake n'kubwerera pomwe unali. Return imakhala 2.30 lero ndi -2.30 mawa. Ngati return ya tsiku wamba ili cha m'ma 0.02, masiku 2,500 onse pamodzi amangopereka 1 ku nambala yogawira ya autocorrelation, yomwe imaphatikiza ma return onse, iliyonse itachulukitsidwa ndi iyo yomwe, pomwe masiku awiri ovundawo amapereka 10.6. Pamwamba, pomwe return ya lero imachulukitsidwa ndi ya dzulo, pamakhala -5.3. Mukagawa mupeza pafupifupi -0.46. Masiku awiri ameza zaka 10. Tinatsegula mafayilo ndipo kampani iliyonse ya m'gululi inali ndi tsiku lotere.

Tikufufuza zimenezi tinapezanso makampani angapo omwe anagawa sheya imodzi kukhala ziwiri koma mitengo yakale sinakonzedwe, kotero panali return imodzi ya -0.69 yopanda inzake yoibweza. Cholakwika ichi chimagwira ntchito mobwerera. Chimatupitsa nambala yogawira, autocorrelation yonse n'kukankhidwira ku ziro, kampani n'kuoneka yopanda banga. Makampani oterewa sakanaoneka pa mndandanda wa ogwidwa, ndipo n'chifukwa chake return yaikulu ndi yaing'ono ndimaziyang'ana pa makampani onse, osati okhawo amene muyeso wawaloza.

Pomwe panagona nkhani

Gulu la pamwamba ndilo linali chuma cha mkulu uja, chifukwa autocorrelation ya pamwamba pa ziro imatanthauza kuti chokwera lero chimapitiriza kukwera mawa. Ma return awo analibe tsiku lachilendo. Gilafu ya mitengo inkaoneka bwinobwino. Ndinathera masiku awiri pa gululi osapeza kanthu, mpaka ndinayamba kudzifunsa ngati mwina mkuluyo akunena zoona.

Amene anatsegula njira ndi mnyamata uja. Ndinam'pempha kuti asindikize ma return a kampani imodzi ya miyezi itatu kuti tiwawerenge ndi maso, mzere ndi mzere, ntchito yomwe anthu a loop amaiona ngati yachikale. Ali mkati mowerenga anaima n'kunena kuti, "Bambo, taonani apa, masiku atatu otsatizana manambala akungofanana." Anali 0.0198, 0.0194 ndi 0.0190. Tinabwerera ku mitengo ndipo inali ngati 100, 102, 104, 106. Msika suyenda ndi masitepe ofanana chonchi. Ndinalemba kamzere kowerenga masiku omwe kusintha kwa mtengo kwafanana ndendende ndi kwa dzulo lake, kupatula pomwe kusinthako ndi ziro. M'khamu la pakati masiku otere anali apo ndi apo. M'gulu la pamwamba anali mbwee, ndipo kampani ikakhala nawo ambiri, autocorrelation yake inalinso yokwerapo.

Gwero lake linali pulogalamu yakale yokonzera deta, yolembedwa ndi munthu amene anachoka kale pa ntchitopo. Inkaphatikiza makampani onse m'tebulo limodzi la masiku ofanana. Koma misika yosiyana ili ndi maholide osiyana, makampani ena amaimitsidwa malonda kwa masiku angapo, ndipo ena ang'onoang'ono amatha tsiku lonse popanda wogula. Mipata yonseyi pulogalamuyo inkaitseka ndi na.approx ya mu phukusi la zoo, yomwe imajambula mzere wowongoka pakati pa mtengo womaliza kudziwika ndi wotsatira. Wolembayo ankafuna magilafu osaduka, ndipo pa ntchito imeneyo sanalakwe kwenikweni. Koma ngati mtengo unali 100 Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu kunali zii, Lachinayi n'kudzafika 106, kudumpha kumodziko kumagawidwa kukhala masitepe atatu olowera mbali imodzi. Muyeso ukaona zimenezi umati lero likutsata dzulo, ndipo sunama, chifukwa m'fayilomo likutsatadi. Kungoti 102 ndi 104 palibe amene anagulapo kapena kugulitsapo. Choipa kwambiri n'chakuti 102 wa Lachiwiri anawerengedwa pogwiritsa ntchito 106 wa Lachinayi. Njira yogulira yomwe mkuluyo ankalota ikanaoneka yopambana pa deta yakale chifukwa choti ikusuzumira zam'tsogolo, n'kudzagwa chagada tsiku loyamba pa msika weniweni.

Vutoli lili ndi m'bale wake wakale. Holbrook Working anasonyeza mu 1960 kuti mukatenga mitengo yoyenda mwachisawawa n'kuisandutsa ma avareji a mwezi ndi mwezi, kusintha kwa ma avarejiwo kumakhala ndi autocorrelation yofika pafupifupi 0.25 pa lag yoyamba, yochokera pa kusalazako basi. Chilichonse chosalaza mitengo chimabala ubale pakati pa masiku oyandikana.

Chochita ndi mipata

Kuchotsa na.approx kunali kosavuta. Funso linali loti tiikepo chiyani. Mnyamatayo anaganiza zobwereza mtengo womaliza ndi na.locf. Njira imeneyi siisuzumira kutsogolo, ndipo ndi yabwinopo, koma imadzaza mndandanda ndi ma return a ziro omwe si a msika, n'kuunjika kusintha kwa masiku atatu pa tsiku limodzi. Njira ina ndi kufafaniza mizere yopanda kanthu ndi na.omit, koma pamenepo Lolemba ndi Lachinayi zimagundana ngati masiku oyandikana, ndipo lag yoyamba imasiya kutanthauza tsiku limodzi.

Ndinasankha kuti kampani iliyonse iyende pa kalendala ya msika wake. Holide ya msika si mpata, choncho imangodumphidwa monga Loweruka ndi Lamlungu. Tsiku lomwe msika unatsegula koma kampani sinagulidwe linasiyidwa lopanda kanthu, pamodzi ndi return yodutsa pamwamba pake. Box.test ya mu R imalola mipata yotere ndipo imawerengera masiku okhawo amene alipo. Makampani omwe mipata inali yochuluka kwambiri tinawaika pambali n'kuwalemba mayina m'lipoti, kuti pasadzakhale wonena kuti tinawabisa. Anzanga ogwiritsa ntchito Stata, pulogalamu ina ya masamu, asamale ndi msampha wofanana nawo: mukachita tsset pa masiku a kalendala wamba, dzulo la Lolemba limakhala Lamlungu, lomwe mulibe m'deta, ndipo mankhwala ake ndi kalendala ya masiku amalonda.

Deta itakonzedwa, gulu la pamwamba linaphwa ndipo la -0.5 linatheratu. Komabe ogwidwa anali ochuluka kuposa 20, ndithu.

Muyeso womwewo unali ndi mbali yake

Malire a chi-square mu Ljung-Box amadalira ganizo loti masiku ndi odziimira paokha ndipo kukula kwa kugwedezeka n'kofanana nthawi zonse. Masheya sali choncho. Masiku a bata amatsatana, a namondwe nawonso amatsatana. Benoit Mandelbrot anaziona pa mitengo ya thonje mu 1963, Robert Engle anazipangira masamu a ARCH mu 1982, ndipo Tim Bollerslev anawakulitsa kukhala GARCH mu 1986. Kugwedezeka kwa dzulo kumakuuzani kukula kwa kugwedezeka kwa lero, koma sikukuuzani ngati mtengo ukwera kapena utsika. Vuto ndi loti ma return akuluakulu akamayandikana, autocorrelation yowerengedwa imasewera kwambiri kuposa malire a 0.04 aja, ngakhale yeniyeni ili ziro. Muyeso umagwira makampani ambiri kuposa 5 pa 100 alionse.

Mkuluyo sanakhutire ndi mawu okha, ndipo sindinam'patse mlandu poganizira uthenga wanga woyamba uja. Ndinapanga mindandanda 400 yabodza kuchokera ku GARCH, yomwe ndinkadziwa kuti mulibe autocorrelation chifukwa ndinaiumba ndekha, n'kuidutsitsa mu loop ya mnyamata uja osasintha kanthu. Yogwidwa inadutsa 20 moonekeratu. Chionetsero chimenechi chinagwira ntchito kuposa masamba atatu omwe ndinam'lembera.

Pokonza ndinagwiritsa ntchito njira ziwiri kuti zitsimikizirane. Yoyamba ndi muyeso wa Escanciano ndi Lobato wa mu 2009, womwe uli mu phukusi la vrtest ngati Auto.Q. Umagawa autocorrelation iliyonse ndi kusewera kwake kwenikweni kowerengedwa kuchokera m'deta, ndipo umasankha wokha chiwerengero cha ma lag. Yachiwiri ndi wild bootstrap. Mumachotsa avareji, kenako return ya tsiku lililonse mumaichulukitsa ndi 1 kapena -1 mwa maere. Kukula kwake kumatsala momwemo, bata ndi namondwe zimakhala m'malo mwake, koma ubale uliwonse wa kukwera ndi kutsika umaphwasuka. Mukabwereza kambirimbiri mumaona Q yomwe mwayi wokha ungabale pa kampani imeneyoyo. Ndinabwereza ka 10,000, chifukwa malire ngati 0.000125 ndi gawo limodzi mwa magawo 8,000, ndipo kubwereza ka 1,000 sikungaone nambala yaing'ono choncho. Ndinachitanso dala kuti maere a tsiku limodzi akhale amodzi kwa makampani onse. Makampani amakwera ndi kutsika limodzi ndi msika, choncho miyeso 400 si mboni 400 zosadziwana, ndipo sabata imodzi yachilendo pa msika ingagwiritse makampani ambiri nthawi imodzi. Maere ogawana amasunga ubale umenewu, n'kukuonetsani kuti chiwerengero cha ogwidwa mwangozi chimatha kupita kutali ndi 20, kumtunda kapena kumunsi.

Ma lag ndi kuchuluka kwa miyeso

Apa m'pamene panatuluka chinthu chomwe sichinali mu loop yomwe anandipatsa. Tikucheza, mnyamatayo ananena mosabisa kuti anayesa ma lag 5, 10 ndi 20, ndipo tebulo lomwe linafika kwa mkulu wake linali ndi p-value yaing'ono mwa zitatuzo. Sankadziwa kuti n'kulakwa, ankaona ngati n'kusamala. Miyeso inali 1,200, osati 400. Sindinam'dzudzule pa gulu, koma tinagwirizana kuti chiwerengero cha ma lag chimasankhidwa musanaone zotsatira ndipo chimalembedwa m'lipoti. Mapulogalamu nawonso sagwirizana pa nkhaniyi. Box.test mukapanda kuiuza kanthu imayesa lag imodzi yokha, ndiponso ndi Box-Pierce osati Ljung-Box, pomwe wntestq ya Stata pa mndandanda wautali chonchi imatenga ma lag 40. Anthu awiri angakangane tsiku lonse pa deta imodzi chifukwa cha ichi chokha.

Tsopano nthawi ya vuto lomwe ndinalithamangira tsiku loyamba inakwana. Bonferroni amateteza kuti pasakhale ngakhale kampani imodzi yogwidwa molakwika, ndipo potero amataya zenizeni zambiri. Ife tinkafuna mndandanda waufupi woti tiufufuze mozama, momwe kukhala ndi olowerera ochepa sikukanatipweteka. Choncho ndinasankha njira ya Benjamini ndi Hochberg ya mu 1995, yomwe imasamala kuti pakati pa ogwidwa, gawo la ogwidwa molakwika lisapitirire malire omwe mwaika. Poti makampani ndi apachibale, ndinaikanso pambali pake ya Benjamini ndi Yekutieli ya mu 2001, yomwe imapirira ubale wa mtundu uliwonse koma pa miyeso 400 imakhwimitsa malire pafupifupi ka 6.57. Zonse zili mu p.adjust ndipo ndi mzere umodzi. Gawo lomwe ndinkaliyesa mutu wa nkhani linanditengera mphindi zosakwana 10.

Zomwe zinatsala

Anatsala makampani ochepa, oti n'kukwana pa tsamba limodzi ndi malo n'kutsalako. Pafupifupi onse anali ofanana nkhope: autocorrelation ya pansi pa ziro, pa lag yoyamba yokha, m'makampani ang'onoang'ono omwe masheya awo sayenda malonda kwambiri. Zinali zosiyana kotheratu ndi zomwe mkuluyo anayamba nazo.

Richard Roll anafotokoza chinthu ichi mu 1984. Pa msika pamakhala mitengo iwiri nthawi imodzi, wotsika womwe oyembekeza kugula akupereka ndi wokwera womwe oyembekeza kugulitsa akufuna. Mtengo wotsekera ndi wa malonda omaliza a tsikulo, ndipo umagwera uku kapena uko motengera ngati womaliza anabwera kudzagula kapena kudzagulitsa. Ngakhale mtengo weniweni usasunthe, wotsekera umadumphadumpha pakati pa iwiriyo, kukwera lero n'kutsika mawa. Mpata ukakhala waukulu, autocorrelation ya pansi pa ziro imakulanso. Pa makampani omwe tinapeza mitengo yonse iwiri, ndinawerenganso ma return pogwiritsa ntchito mtengo wa pakati, ndipo ambiri anabwerera m'malire a mwayi.

Pa msonkhano womaliza mkuluyo anagwira pomwepa. Anati, "Ndiye mukuvomereza kuti autocorrelation ilipo." Ndinati, "Ilipo, bwana, koma si yanu. Ndi ya amene akukugulitsani." Kuti mudyerepo muyenera kugula tsiku lomwe mtengo watsekera kumunsi ndi kugulitsa pomwe watsekera kumtunda, koma inu obwera ndi oda mumagula pa wokwera n'kugulitsa pa wotsika. Kudumpha komwe muyeso ukuona ndi mpata womwewo umene mudzalipira pogula ndi pogulitsa.

Panatsala makampani owerengeka ndi zala omwe mpatawu sunawafotokoze. Pa amenewa ndinam'kumbutsa za kukula kwa nambala. Autocorrelation ya 0.05 pa masiku 2,500 imadutsa malire a muyeso wamba, koma 0.05 kuchulukitsa ndi 0.05 ndi 0.0025, kutanthauza kuti dzulo likufotokoza kota chabe ya 1 peresenti ya kusintha kwa lero. Masiku akachuluka, muyeso umaona ngakhale kachitsotso. Kenako ndinadula deta pawiri, zaka 7 zoyamba ndi 3 zomaliza. Chizindikiro chenicheni chimayenera kuoneka mbali zonse ziwiri, chikulowera komwemo. Mwa otsalawo, ena chinazimiririka m'zaka zomaliza ndipo ena chinatembenuka.

Anabweretsa mfundo ina yomwe inali yanzeru. Mnyamata uja anali ataphatikiza makampani ang'onoang'ono onse kukhala thumba limodzi, ndipo return ya thumbalo inali ndi autocorrelation ya pamwamba pa ziro ngakhale pa deta yokonzedwa. Izi Andrew Lo ndi Craig MacKinlay anazipezanso mu 1988 pa ma return a sabata ndi sabata a ku America, makamaka m'matumba a makampani ang'onoang'ono, ndipo Lawrence Fisher anali atachenjeza kale mu 1966 kuti mitengo yotsekera ya makampani osiyana siichokera pa ola limodzi. Kampani yomwe malonda ake omaliza anachitika m'mawa imaonetsa nkhani za masana mawa lake. M'thumba lathu munalinso misika yotseka nthawi zosiyana, zomwe zimakulitsa vutoli. Sindinanene kuti zonsezo ndi chinyengo cha maola, chifukwa Lo ndi MacKinlay omwewo anapeza kuti kuchedwa kwa malonda pakokha sikufotokoza zonse. Ndinangonena kuti ili ndi funso lina, lofuna deta ya mkati mwa tsiku yomwe iwo analibe, ndipo sindingaike dzina langa pa yankho lililonse popanda detayo.

Zotsatira

Ndalama sizinapatulidwe. Mkuluyo sanasangalale, ndipo anaumirira kuti otsala aja atsatidwe pa pepala kwa miyezi itatu, kulemba malonda ongoyerekeza pa mitengo yeniyeni ya ogula ndi ogulitsa. Ndinavomera, poti palibe chomwe chikanatayika. Miyeziyo itatha mnyamata uja anandilembera kuti atachotsa mpata ndi zolipira pa malonda panalibe chotsala, ndipo nkhaniyo inatsekedwa. Loop yake akuigwiritsabe ntchito, koma tsopano imayamba ndi kulemba chiwerengero cha mipata, return yaikulu ndi yaing'ono, ndi masiku a masitepe ofanana, p-value isanawerengedwe n'komwe.

Chomwe chinadzakhala chachikulu sichinali m'pangano langa. Ndikulemba lipoti ndinafunsa, mongodutsa, ngati pali wina amene amagwiritsanso ntchito tebulo la na.approx lija. Anati a ofesi yoyeza chiopsezo amatengamo ma return awo onse. Kudumpha kwa 6 kukagawidwa kukhala 2, 2 ndi 2, gawo lake pa variance, muyeso wa kukula kwa kugwedezeka, limatsika kuchoka pa 36 kufika pa 12. Kwa zaka zingapo, makampani osayenda malonda, omwe ndi ovuta kuwagulitsa msanga zinthu zikathina, ankaoneka odekha kuposa mmene alili, ndipo malire a kuchuluka kwa masheya oti asunge ankawerengedwa kuchokera pa manambala amenewo. Atawerenganso ndi deta yokonzedwa, makampani angapo anapezeka kuti anadutsa malire, ndipo kaguluko kanathera mwezi wotsatira kakuchepetsa masheya amenewo pang'onopang'ono kuti kasagwetse mtengo.